Munthu wa Kumapeto kwa Mzere

Wamlongoti anatseka kachipinda kake mochedwa, mpira utayamba kale. Dzina lake lenileni anthu analiiwala. Ankangomutchula ndi ntchito yake, chifukwa ndiye ankasamala mlongoti wa pamwamba pa chitunda, umene unkagawa intaneti m'chigwa chonse. Kuchigwako netiweki ya makampani a foni sifika. Wofuna kuyimbira nesi, kapena mwana wake wa kutali, amayimba kudzera pamlongotiwo. Mlongoti ukagona, chigwa chonse chimangoti zii.

Intanetiyo inali yochepa, anthu ambiri. Zinali ngati mpopi umodzi, zidebe mbwee. Choncho ntchito yeniyeni ya Wamlongoti sinali kukwera mlongoti ayi, inali kuika anthu pamzere. M'kachipinda ka pansi pa mlongoti munali rauta, kabokosi kotuwa ka timagetsi tophethira, ndipo m'menemo analembamo malamulo ake. Mawu a oyimba foni ankadutsa poyamba, chifukwa mawu sadya zambiri koma sadikira. Kenako chipatala, kenako sukulu, kenako nyumba za anthu. Makanema ankabwera pambuyo. Pansi penipeni panali gulu lomwe iye mwini analitcha "zotsala". Foni iliyonse imene rauta sinkaidziwa inkagwera m'menemo, n'kumadya zimene ena asiya. Masiku wamba zotsalazo zinkakwanira, ndipo palibe ankadandaula.

Madzulo a tsikulo kunabwera mwini holo yoonetsera mpira, thukuta lili kamukamu, makiyi akulira m'chiuno.

"Achimwene, mukufuna anthu andiotchere holo?" anatero asanapereke n'komwe moni. "Sabata yatha chithunzi chinaima wosewera ali m'mwamba, mwendo uli chonchi. Anatera pansi mawa lake! Lero ndi ndime yomaliza. Ndiikeni patsogolo."

"Malamulo aja si a ine ndekha, bwana. Tinagwirizana tonse."

"Usiku uno wokha. Ndani amayimba foni usiku? Akuba ndi zibwenzi basi. Akuba adikire, zibwenzi zigone."

Wamlongoti anaseka. Kusekako ndiye kunali kuvomera. Anali atachitapo zimenezi kamodzi, zaka zapitazo, ali watsopano pantchito. M'mawa mwake panabwera munthu kudzafunsa chimene chinavuta usiku, iye anangoti ndi mvula inasokoneza mbale ya pamlongoti. Munthuyo anapita, nkhani inathera pomwepo.

Tsono analumikiza laputopu ku rauta ndi chingwe, poti malamulowo sankasinthika munthu ali kutali. Anatseka yekha njira imeneyo kuopa anyamata ochenjera a m'chigwamo. Anaika holo pamwamba pa onse, yopanda malire, idye mmene ingathere. Ena onse anawatsitsa. Kenako anaima pang'ono, nawonjezera mzere wina: foni yake ndi ya mkazi wake, ziwirizo zikhale pamwamba pa holo.

Apo ndiye pamaonekera mtima wa munthu. Zikanakhala kuti zinalibe vuto, nyumba yake akanaipatuliranji?

Mkazi wakeyo anali ndi pakati, wotopa, mwezi wake unali womwewo. Ankakhala kutsidya kwa mtsinje, khomo loyandikana ndi la apongozi ake, mayi wamasiye wosalankhulalankhula. M'mawa akutuluka, mkaziyo anamuuza kanthu kena kokhudza foni. Iye anati "ndamva", koma sanamve, maganizo anali kale pachitunda.

Anaponya kiyi m'thumba nayamba kutsika.

Anadutsa paholo. Jenereta inali kubangula kuseri, chitseko chili pululu, mitu ya anthu yothithikana ngati maungu m'ngolo. Chithunzi chinali kuyenda bwino zedi, ngakhale udzu wa pabwalo unkaoneka. Mwini holo anamuona nakweza chala chachikulu. Wamlongoti anakweza chake, koma chinali cholemera.

Anapitirira chigayo chotseka, anapitirira shedi ya wowotcherera zitsulo. Magetsi anathera pamenepo. Anayatsa tochi ya foni. Njira inayamba kutsetsereka, phokoso la holo linatsalira m'mwamba, likumveka ngati mtsinje wina wa kumbuyo. M'nyumba ina ya m'mbali mwa njira mtsikana anali pazenera, atakweza foni m'mwamba, akuitembenuza uku ndi uku. Wamlongoti anayang'ana pansi nafulumira.

"Ukangotha mpira ndibwezeretsa," anadziuza. Kenako anakumbukira kuti mpira ukamatha iye adzakhala ali m'bulangeti. "Chabwino, m'mamawa."

Mlatho wa kumeneko ndi wa matabwa, wa anthu oyenda pansi, wopapatiza moti awiri sangapambanepo. Wofika poyamba ndiye amaoloka, winayo amadikira. Ana omwe amadziwa zimenezo.

Atayandikira, anaona kakuwala.

Munthu anali ataima pakhomo pa mlatho, mbali ya kuno. Bambo wachikulire, wa jekete lalikulu ndi chipewa chogwera kumaso. Dzanja limodzi linali pachifuwa. Lina linali m'mwamba, litagwira foni yomangidwa ndi kamphira, kuloza kuchitunda kumene kagetsi kofiira ka mlongoti kankaphethira.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero Wamlongoti.

Munthuyo sanatembenuke.

"Dutsani," anatero. Mawu ake anali ofatsa, opumira m'mwamba. "Dutsani inu. Ine ndine wa zotsala."

Wamlongoti anaima. Mawu amenewo sanawauzepo munthu. Anali m'kati mwa rauta mokha.

"Mwati bwanji?"

"Ndikudikira achepe."

"Achepe ndani? Pamlatho palibe munthu."

Bamboyo anasendera pambali, ngati akupatsa njira wina. Anasenderanso. Anaweramitsa mutu mwaulemu, monga amachitira munthu gulu likamamudutsa. Wamlongoti anawalitsa tochi pamlathopo. Matabwa okhaokha. Madzi akuda pansi.

Kuchitunda kunaphulika mfuwu. Wina anali atagoletsa.

Nthawi yomweyo mlatho unagwedezeka!

Gu, gu, gu, gu... Matabwa ankalira ngati pakuthamanga khamu. Fumbi linkadumpha m'mipata. Zingwe za m'mbali zinakungika. Koma panalibe phazi ngakhale limodzi. Mphepo yofunda, yonunkha thukuta la anthu ambiri, inamukankha Wamlongoti paphewa. Inamukankhanso. Anagwira mtengo wa pakhomo pa mlatho kuti asagwe.

Kenako bata.

"Mwaona?" anatero bamboyo. "Sakutha. Ine mawu anga ndi ochepa. Sangadzaze ngakhale supuni. Koma akuti ndidikire."

Wamlongoti anayang'ana foni ija. Galasi lake linali losweka pakona. Pakati pake kachizindikiro kankangozungulira... kuzungulira... kuzungulira. Kuwala kwake kunkagwera pajekete, pa zala, pamphepete pa chipewa. Pankhope pokha sikunkafika.

"Bambo, mukudwala? Tengani yangayi muyimbire. Yanga ikugwira."

"Yanu imagwira nthawi zonse."

Sanalankhule mokalipa. Bola akanakalipa.

"Mwaima nthawi yaitali?" Wamlongoti anafunsa, osadziwa chifukwa chake akufunsa.

"Chiyambire mpira."

"Wa lerowu?"

Pansi madzi ankangoyenda.

"Munati usiku umodzi wokha," anatero bamboyo pamapeto pake.

Wamlongoti anafuna kuthawa. Kwawo kunali kutsidya, pafupi, nyali ya pakhonde pake inkaoneka. Anaponda thabwa loyamba. Chinthu chinamubweza! Anapondanso. Zinali ngati kulowa pakhomo pamene anthu akutuluka mopanikizana. Panalibe kanthu, koma panalibe malo.

"Simudutsa," anatero bamboyo. "Mwadzaza nokha."

"Ndisiyeni... mkazi wanga ali kunyumba..."

"Ndikudziwa. Ali kumbuyo kwangaku."

"Kumbuyo kuti?"

"Pamzere." Bamboyo anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, namuonetsa galasi loswekalo. "Ine ndinazolowera. Koma lero foni iyi ikuyimbanso, ndipo woyimba si ine. Mwana uja sangadikire ngati ine ayi. Ali awiri."

Apo m'pamene mawu a m'mawa aja anafika m'makutu mwake, omveka bwino ngati akunenedwa kumene. *Foni yanga yagwera m'beseni, yazima. Ndikhala ndikugwiritsa yakale ija ya amayi.*

Yakale ija ya amayi. Imene inkakhala m'sutikesi. Imene rauta sinkaidziwa.

Zotsala!

Anatembenuka. Anathamanga.

Chitunda chimenecho amachikwera pang'onopang'ono ngakhale anyamata. Iye anachikwera ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Nsapato imodzi inavuka, anaisiya. Kumbuyo sanayang'ane. Ankangomva kupuma... kupuma kwa munthu wogwidwa chifuwa, pafupi ndi khutu lake. Kaya kunali kwake komwe, kaya. Anadutsa shedi. Anadutsa chigayo. Paholo anthu anali ataimirira onse, akukuwa. Atafika pakachipinda kake, kiyi inakana kulowa pabowo. Inagwa. Anaifufuza m'fumbi. Inalowa.

Chingwe. Laputopu. Zala zinkalumpha mabatani. Analakwitsa mawu achinsinsi. Analembanso.

Pagalasi panaoneka mizere yake ija. Wa holo unali wonenepa, wodzaza mpaka kukamwa. Wa zotsala unali pansi, wopanda kanthu kodutsa, koma nambala ya zotayidwa inkangokwera. Foni imodzi yokha, ikugogoda, ikugogodanso.

Anafufuta lamulo lija.

Kuholo kunamveka mkuwo wina, wosiyana ndi woyamba uja. Chithunzi chinali chitaima. Pasanapite nthawi yaitali foni inalira m'thumba mwake.

"Apongozi! Muli kuti?" Anali mayi a mkazi wake. Chikwatirire sanawamvepo akukweza mawu chonchi. "Ndayimba mpaka chala chatupa! A nesi ndawapeza pompano, akuti galimoto inyamuka. Mwanayu akutaya magazi. Muli kuti inu?"

"Ndikubwera, amayi... ndili kuntchito..."

"Ntchito yanji, foni zosagwira?"

Mayiwo anadula foni.

Chitseko chinagunda. Mwini holo analowa ndi anthu angapo kumbuyo kwake.

"Wandipha! Penate, achimwene, penate! Munthu waima ndi mpira m'manja ngati chiboliboli! Bwezera msanga!"

Wamlongoti anazula chingwe, anatseka laputopu, naikhalira.

"Mumvere pawailesi," anatero.

Anamutukwana mpaka agogo ake. Wina anamuponyera botolo lapulasitiki. Iye ankangoyang'ana phazi lake lopanda nsapato, likutuluka magazi pachala. Atatopa, anthuwo anapita kukasaka wailesi.

Pamlatho sanabwererenso. Tinene zoona, anaopa. Galimoto ya chipatala inazungulira msewu wakumunsi, umene uli wautali, ndipo iye anakaidikira pageti pa chipatala. Itafika anangoona nkhope ya mkazi wake pang'ono, yotuwa ngati phulusa, chitseko n'kutsekedwa. Anakhala pabenchi la pakhonde. Apongozi ake anakhala kumapeto kwa benchi lomwelo, manja pamiyendo.

Kunja kutayamba kuyera, nesi anatuluka akupukuta manja. Anali mayi wamfupi, wa ntchito zake, wodziwa aliyense m'chigwamo.

"Mwana wamkazi," anatero. "Mayi ake ali moyo, koma musandifunse kuti zikanatha bwanji mukanachedwa pang'ono. Sindikufuna kunena." Anayang'ana phazi la Wamlongoti. "Inunso mwabereka? Nsapato ili kuti?"

Palibe anaseka. Nesi anakhala pakati pawo, natulutsa foni yake m'thumba la yunifolomu.

"Inu a mlongoti, tandimasulireni ichi. Mayiwa atangondipeza, pa nambala yomweyo panalowanso uthenga wa mawu. Ndinalibe nthawi, ndaumvera pompano. Taonani tsiku lake. Makina anu amasunga zinthu zaka zonsezi?"

Wamlongoti anapukusa mutu. Izi ankazidziwa bwino kuposa dzina lake. Pamzere wa rauta palibe chimakhalitsa. Chimene chalephera kudutsa m'kuphethira kwa diso chimatayidwa, sichibweranso.

Nesi anadina.

Poyamba kunamveka madzi. Kenako kupuma.

"A nesi... pepani kukudzutsani... ndine wa kutsidya, wokonza njinga uja. Chifuwa chandigwira. Ndili pamlatho... Ngati muli ndi ena, yambani mwathandiza iwowo. Ine ndidikira."

Chakutali, kumbuyo kwa mawuwo, khamu linkakuwa chigoli.

Wamlongoti anagwira benchi ndi manja onse. Mawuwo anali omwe aja a pamlatho. Ofatsa, opumira m'mwamba.

Apongozi ake sanalire. Anamasula kansalu kamene anamangirira m'chiuno, natulutsa foni. Galasi losweka pakona. Kamphira kozungulira pakati.

"Ndi bambo ake a mwana wangayu," anatero. "Inu simunawaone. Anatisiya kalekale, musanayambe n'komwe kuzungulira pakhomo pathu."

"Ndinamva kuti unali mtima," Wamlongoti ananong'ona.

"Unali mtima, inde. Foniyi inali yatsopano sabata imeneyo, mwana wathu wa kutauni ndiye anatumiza. Usiku atamva kupweteka anayesa kuyimba, osatheka. Sanandidzutse. Anali munthu wotero, wosafuna kuvutitsa. Kuchigayo, kuchipatala, paliponse pali mzere, iwo ntchito kunena kuti dutsani, dutsani. Ndinkachita kuwakalipira. Ndiye anavala jekete n'kutuluka okha, ati ayandikire mlongoti mwina igwira. Anaoloka mlatho, n'kuthera pomwepo. Ndinawapeza m'bandakucha atatsamira mtengo uja, dzanja lili m'mwamba. Kanthu aka kanali kakuzungulirabe."

Nesi anazimitsa foni yake mwakachetechete.

"Tinatuma mlamu wanga kukafunsa kumlongoti," mayiwo anapitiriza. "Sananene za maliro, anangofunsa kuti usiku kunavuta chiyani. Anamuyankha kuti ndi mvula."

M'kati mwa chipinda khanda linayamba kulira. Nesi anaimirira nalowa. Pakhonde panatsala awiri.

Wamlongoti anatembenukira kwa apongozi ake.

"Amayi... usiku umenewo kunalibe mvula."

"Ndikudziwa," anatero mayiwo, osamuyang'ana. "Jekete lija ndinawavula ndine. Linali louma."

"Munkadziwa kuti... kuti pamlongoti paja ndinali ine?"

"Mlongoti ulipo umodzi, apongozi. Mwana wanga anakukondani, ine ndikanatani? Ndinati mudzanena nokha. Ndadikira."

Iye anatsika pabenchi nagwada pasimenti, koma mayiwo anagwedeza dzanja ngati akuingitsa nkhuku.

"Dzukani apo, anthu akuona. Kugwada sikudzutsa munthu."

Nesi anatuluka ndi khanda lokulungidwa m'nsalu, nalipereka kwa agogo ake. Iwo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analiika m'manja mwa bambo ake.

"Gwirani bwino. Mutu, gwirani mutu."

Anagwira. Kanali kopepuka, kofunda, kakupuma mofulumira.

Mayiwo anatenga foni ya kamphira ija naiika m'thumba la shati lake, pamtima penipeni.

"Iyinso mukailembe m'makina anuwo lero lomwe," anatero. "Mwini wake waima pamlatho mokwanira."